Okutobala 1964: mwezi umene dziko linagwedezeka, Zomba ili pa moto

Okutobala m'chigwa cha Domasi ndi mwezi wa dzuwa loswa mtengo. Anthu amakhala akusosa m'minda, utsi wa lupsa uli tolotolo m'mbali mwa phiri la Malosa. Mu 1964 mwezi umenewu unapeza Malawi ali ndi ufulu wa miyezi itatu yokha, koma boma lake litang'ambika kale pakati.

Kunja kunkachitika zazikulu motsatizana. Pa 14 Okutobala, anzake a Nikita Khrushchev anamuchotsa pa mpando ku Moscow, ndipo tsiku lomwelo kunamveka kuti Martin Luther King wapata mphoto ya mtendere ya Nobel. Pa 15 anthu a ku Britain anavota, chipani cha Labour n'kupambana, Harold Wilson n'kukhala nduna yaikulu. Pa 16 dziko la China linaphulitsa bomba lake loyamba la nyukiliya ku Lop Nur. Zonsezi m'masiku atatu.

Nkhani ya China sinali yakutali kwa anthu a ku Zomba, chifukwa inali imodzi mwa zimene zinayambanitsa Dr Hastings Kamuzu Banda ndi nduna zake. Kanyama Chiume, yemwe anali nduna yoona za kunja, ndi anzake ankafuna kuti Malawi agwirizane ndi boma la Peking, lomwe linkalonjeza thandizo la ndalama. Kamuzu anakana. Ndunazo zinkadandaulanso za ubale wake ndi Apwitikizi a ku Mozambique, za azungu omwe ankakhalabe m'maudindo akuluakulu a boma, ndi za lipoti la Skinner lokhudza malipiro a ogwira ntchito m'boma. Koma chimene chinafika m'khitchini mwa munthu wamba chinali tiki, mapeni atatu amene wodwala anayamba kulipira pachipatala cha boma. Mayi wonyamula mwana wotentha thupi kumbuyo tsopano ankayenera kuyamba wamasula kansalu ka ndalama asanaonane ndi dokotala. Kwa anthu amene anauzidwa kuti kwacha, zimenezi zinawawa.

Pa 7 Sepitembala Kamuzu anachotsa Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo, ndipo Henry Masauko Chipembere atangofika kuchokera ku Canada anachitanso chimodzimodzi. Nyumba ya malamulo ku Zomba inavota kuti ili ndi chikhulupiriro mwa Kamuzu. Kumapeto kwa mweziwo m'tauni ya Zomba munabuka ndewu pakati pa achinyamata a Malawi Congress Party ndi ogwira ntchito m'boma, omwe ambiri anali kumbali ya nduna zochotsedwazo.

Anthu a ku Domasi ankamudziwa Chipembere pamaso. Atabwera kuchokera ku yunivesite ya Fort Hare ku South Africa, ntchito yake yoyamba m'boma la atsamunda anaigwira ku Domasi, monga wothandizira bwanamkubwa wa boma, asanapite ku Fort Johnston ndi ku Dedza. Domasi panalinso sukulu yophunzitsa aphunzitsi, yomwe inayamba mu 1929 ndi dzina loti Jeanes, kotero anthu owerenga nyuzi ndi otsatira ndale sankasowa. Ndipo msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde ndi ku Fort Johnston, kwawo kwa Chipembere, umadutsa pomwepo.

Mu Okutobala, Chipembere anali atalamulidwa kuti asachoke kufupi ndi kwawo ku Malindi. Chiume, Chisiza ndi ena anathawira kunja. Mwezi usanathe, Chipembere anazemba n'kukabisala m'mapiri a kum'mawa kwa nyanja, ndipo Kamuzu analamula kuti amugwire. Ine ndimaona kuti mwezi umenewu ndi umene unatseka pakamwa pa Amalawi kwa zaka pafupifupi 30. Ena mwa amene anathawawo ndi omwe anaitana Kamuzu kuti abwere kwawo mu 1958, ena n'kumangidwa naye limodzi mu 1959.

Chowawa n'chakuti masiku omwewo aneba athu anali pa chisangalalo. Pa 24 Okutobala, Northern Rhodesia inasanduka Zambia pansi pa Kenneth Kaunda, mwana wa David Kaunda, mphunzitsi wochokera ku Nyasaland amene mishoni ya Livingstonia inatumiza ku Chinsali. Tsiku lomwelo masewera a Olimpiki ankatsekedwa ku Tokyo, ndipo osewera amene analowa ngati a Northern Rhodesia anatuluka ngati a Zambia. Pa 29, mgwirizano wa Tanganyika ndi Zanzibar unatenga dzina loti Tanzania, dziko limene linadzasunga ambiri mwa othawa athu.

Pa 12 Febuluwale 1965 usiku, Chipembere ndi anthu ake pafupifupi 200 analanda Fort Johnston n'kuyamba ulendo wa ku Zomba. Atafika pa Liwonde anapeza pantoni yowolotsa pa Shire itamangidwa tsidya lina, ndipo asilikali a boma anawabweza. Akadawoloka, akadadutsa pa Domasi m'bandakucha. Medson Silombela, mmodzi mwa atsogoleri a gululo, ananyongedwa kundende ya Zomba mu 1966, ndipo Chipembere anamwalira ku America mu 1975 osaonanso Malindi.