Msonkho wa 1935 ndi Kalankhulidwe ka Boma kwa Anthu a ku Migodi

Kale, pamene dziko la Zambia linali kuchedwa Northern Rhodesia, mau a Boma anali ndi njira yao yofikira kumudzi. Lamulo likapangidwa ku likulu linali kutumizidwa kwa Bwana D.C., ndipo iye anali kutuma mesenjala kwa mfumu yaikulu. Mfumu inali kuitana nyakwawa zace, ndipo nkhani inali kukambidwa pabwalo, anthu atakhala pansi. Njira imeneyi inali yocedwa, ndiponso nthawi zambiri anthu anali kungouzidwa osafunsidwa. Komabe munali cinthu cimodzi cabwino: wobwera ndi mau anali munthu wodziwika, woti nkhalamba ikhoza kumfunsa cifukwa ca lamulo, iye nayankha.

Migodi ya mkuwa itatsegulidwa ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, njira ija inaduka. Ku Luanshya, ku Nkana ndi ku Mufulira kunasonkhana amuna zikwizikwi, Abemba, Abisa, Alozi, Angoni, Acewa, Ansenga ndi ena ocokera ku Nyasaland. M'komboni munalibe mfumu, munalibenso bwalo. Wolamulira anali Mzungu woyang'anira komboni pamodzi ndi apolisi a mgodi, amene anali anchito a kampani, osati a Boma. Bwana D.C. analiko ndithu, koma za anthu a m'komboni anazisiya kwambiri m'manja mwa eni migodi. M'caka ca 1931 woyang'anira komboni ya mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, dzina lace Spearpoint, anayambitsa mwambo wakuti mtundu uli wonse usankhe mkulu wouimirira. Akulu a mitundu amenewa anali kuweruza timilandu ndi kupereka madandaulo ku ofesi. Azungu anakhulupirira kuti tsopano apeza makutu ndi kamwa pakati pa anthu.

Zaka zoyamba za m'ma 1930 zinali za umphawi pa dziko lonse lapansi. Mtengo wa mkuwa unagwa, migodi ina inatsekedwa, anthu ambiri anacotsedwa nchito, ndipo malipiro a otsala anacepetsedwa. Kumidzi yakutali ndi njanji ndalama inasowa kotero kuti amuna ambiri analephera kukhoma msonkho. Poona ici Boma, pansi pa Bwanamkubwa Sir Hubert Young, linasintha lamulo la msonkho m'caka ca 1935. Linati munthu wa kumudzi kutali, kumene kulibe nchito kapena msika, azikhoma 7s. 6d. pa caka, koma wa ku migodi, amene alandira ndalama pa tikiti iri yonse, azikhoma 15s. m'malo mwa 12s. 6d.

Woweruza mosakondera ayenera kuvomereza kuti maganizo a lamuloli sanali oipa. Mwa malamulo a masiku amenewo, ili linali limodzi la owerengeka amene anayesa kupepuza katundu wa wosauka ndi kumsenzetsa amene ali nako kanthu. Mnyamata wa ku mgodi akadauzidwa kuti masileni awiri ndi sikisi amene aonjezedwa kwa iye ndiwo apeputsa atate wace ndi amalume ace kumudzi, kapena akadang'ung'udza, koma akadamvetsa. Koma nkhani siinafike kwa iye motero.

Inafika m'mwezi wa May, caka citapita kale patali. Ku Mufulira apolisi a mgodi anayendayenda m'komboni madzulo, anthu ataweruka ku nchito, nafuula kuti msonkho wakwera kufika 15s. Mau anathera pomwepo. Panalibe msonkhano, panalibe wochula za kutsika kwa msonkho kumidzi, ndipo wofuna kufunsa analibe womfunsa, pakuti wapolisi wofuulayo sanadziwe cifukwa ca lamulo kuposa womvayo. Theka la nkhani lokoma linatsala m'mapepala a ku boma. Theka lowawa ndilo linalowa m'nyumba za anthu, ndiponso linaturuka pakamwa pa munthu amene ambiri anali kudana naye kale cifukwa ca nkhanza zace. Akale anati fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Kwa munthu wa m'komboni 15s. ndiye anali pamphuno.

Anthu a ku Mufulira anakana kulowa mumgodi. Tsono apa panaoneka cinthu cimene Azungu sanaciyembekeze: anchito anali ndi njira zao zotumizirana mau, zofulumira kuposa za Boma. Magulu a gule wa Mbeni, amene anali ndi atsogoleri ao m'komboni iri yonse, ananyamula mbiri. Makalata anayenda kucokera ku mgodi wina kunka ku unzace, ndipo mbiri inamveka ku Nkana ndi ku Luanshya yakuti a ku Mufulira apambana, angakhale sikunali koona. Nkana inatsatira, kenaka Luanshya. Kumeneko pa 29 May khamu la anthu linazinga ofesi ya komboni likuponya miyala, apolisi anaombera mfuti, ndipo anthu 6 anafa, enanso ambiri navulala. Nanga akulu a mitundu aja anali kuti? Iwo sanacenjeze Azungu kuti sitalaka irinkudza, ndipo anthu sanawamvere pamene anayesa kuwaletsa. Potsiriza anathawira mu ofesi momwemo, pamodzi ndi Azungu. M'masiku omwewo akuluakulu a Boma anali otanganidwa ndi madyerero otsegulira likulu latsopano ku Lusaka, atacoka ku Livingstone.

Boma linaika bungwe lofufuza, mtsogoleri wace Sir Alison Russell. Bungweli linapeza kuti cimene cinayatsa moto ku Mufulira ndi kufuula kwadzidzidzi kwa apolisi a mgodi, ndi kuti Boma linatalikirana nao anthu a m'makomboni. Linanenezanso mabuku a Watch Tower kuti ndiwo anaononga mitima ya anthu, koma za malipiro ocepa, za phoso ndi za kunyozedwa pa nchito silinaikepo mtima kwenikweni. Apa bungwelo linasankha mlandu wopepuka. Nkwapafupi kwa Boma kuvomera kuti linalankhula moipa kusiyana ndi kuvomera kuti anthu anali ndi cifukwa ceniceni codandaulira. Udzu unali utauma kale. Wapolisi wa ku Mufulira anangogwetsapo khala. Ndiponso lamulo lija, ngakhale linali lacilungamo, linapangidwa popanda kufunsa ndi mmodzi yemwe wa anthu okakhomawo, pakuti pa nthawiyo m'nyumba ya malamulo munalibe munthu wakuda.

Komabe kucokera pamenepo Boma linayamba kufunafuna kamwa lina. M'caka ca 1936 linayambitsa nyuzipepala yochedwa Mutende, yolembedwa m'Cingelezi, m'Cibemba, m'Cinyanja, m'Citonga ndi m'Cilozi. Munali kufotokozedwa malamulo atsopano, ndipo owerenga anali kutumizako makalata. Ambiri amene pambuyo pace anachuka pa ndale anazolowera kutsutsana poyera m'makalata otere. M'matauni a ku migodi munakhazikitsidwa makhoti a anthu akuda, ndiponso mabungwe ochedwa Urban Advisory Councils, m'mene anthu osankhika anali kukhala pansi ndi Bwana D.C. kukamba za nyumba, madzi, misika ndi mowa. Dzina lao lomwe linaulula malire ao: anali opereka uphungu cabe, ndipo Management Board kapena kaunsilo ya tauni, imene inali m'manja mwa Azungu, inali yomasuka kuumva kapena kuutaya. Zonsezi sizinaletse mwazi kukhetsedwanso: pa sitalaka ya 1940 asilikali anapha anthu 17 ku Nkana.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inabweretsa wailesi. Boma linayamba kuulutsa mau ku Lusaka m'caka ca 1941, makamaka kuti abale a asilikali amve za nkhondo. Poyamba anthu anali kumvera pa zokuzira mau zoikidwa pa boma ndi m'nyumba za misonkhano, koma mu 1949, mwa khama la Harry Franklin, mkulu wa ofesi yofalitsa nkhani, kunafika kawailesi kochipa kooneka ngati sefuliya, ndipo mau a Boma analowa m'nyumba za anthu wamba pamodzi ndi nyimbo za Alick Nkhata. Wapolisi wofuula madzulo analowedwa m'malo ndi liu lokoma la mnzao wolankhula cinenero cao.

Koma liu lokoma linakumana ndi mayeso pa nkhani ya Federation, imene inayamba mu 1953. Boma linalonjeza kuti Azungu ndi anthu akuda adzakhala ogwirizana ngati anzao pa nchito imodzi, ndipo linalalika zimenezi pa wailesi, m'mapepala ndi pa misonkhano ya ma D.C. Womvayo m'mawa mwace anali kupita kukagula nyama ku Lusaka kapena ku Ndola, naimirira panja pa kazenera ka m'mbali mwa sitolo, pamene Mzungu alowera pakhomo. Mu 1935 lamulo linali ndi cilungamo koma linanenedwa moipa. Tsopano mau ananenedwa bwino koma maso anali kuwatsutsa. Anthu anataya cikhulupiriro kotero kuti kunabuka mphekesera zakuti oulutsa mau a pa wailesi ali m'gulu la banyama, oyamwa mwazi wa anthu. Timazenera tija tinayamba kutsekedwa cifukwa ca African National Congress ya Harry Nkumbula, imene mu 1954 inauza anthu a mu Lusaka kuti aleke kugula m'mabuchala osankha mtundu. Lamulo linatsatira m'mbuyo: la 1957 linaika makomiti oyanjanitsa mitundu, opanda mphamvu yolanga, ndipo la 1960 ndilo linaletsa tsankho m'nyumba zodyera ndi za kanema.

Akulu a mitundu aja sanafike masiku amenewo. Bungwe la anchito a m'migodi, limene linapangidwa mu 1949 ndi Lawrence Katilungu monga mtsogoleri wace, linali kucita misonkhano yace pabwalo, pamene munthu ali yense anali kuimirira ndi kufunsa, ndipo linati anchito safunanso kuimiridwa monga Abemba kapena Alozi. M'caka ca 1953 nkhaniyi inaikidwa pa voti m'migodi ya ku Copperbelt, ndipo pafupi onse amene anavota anati udindo wa akuluwo uthe.