Mphatso Kapena Malipiro? Mbiri ya Tipi ndi Msonkho Wake ku America

Pa 4 Julayi 2025 mtsogoleri wa dziko la United States, a Donald Trump, adasainira lamulo lalikulu la misonkho, lomwe mwa zina lidachotsa msonkho pa ndalama zimene operekera zakudya, ometa tsitsi, oyendetsa matakisi ndi ena otero amapatsidwa ndi makasitomala pamwamba pa mtengo wa ntchito. Ndalama imeneyi ndi ija anthu a m'tauni amangoti tipi. Lamuloli lidabwera ngati nkhani yatsopano, koma pansi pake pagona funso lomwe Amereka akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 150: kodi tipi ndi mphatso kapena ndi malipiro? Yankho lakhala likusintha malinga ndi amene akufunsa, ndipo nthawi zonse latsata kumene kuli phindu.

Mayina a ndalamayi m'ziyankhulo zambiri amaichepetsa. Afalansa amati pourboire, Ajeremani amati Trinkgeld, ndipo onse awiri akunena chinthu chimodzi, ndalama yogulira chakumwa, monga mmene Mchewa amanenera kuti "ya fanta" kapena "kangachepe". Mawu otere amanena za chinthu chaching'ono, chochokera pansi pa mtima, chimene munthu sangachiwerengere pokonza bajeti ya pakhomo. Ku America dzina lidakhalabe laling'ono, koma ndalamayo idakula mpaka kusanduka chakudya cha tsiku ndi tsiku cha anthu mamiliyoni.

Mwambowu udachokera ku Ulaya. Ku England mlendo akagona m'nyumba ya munthu wolemera, potsanzika ankasiyira antchito a pakhomopo kangachepe. Amereka ambiri oyambirira ankauona mwambowu ngati chizindikiro cha ubwana ndi ukapolo wa ku Ulaya, wosayenera m'dziko lodzitama kuti nzika zake n'zofanana. Zinthu zidatembenuka nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1865. Olemera oyenda ku Ulaya adabwera nawo mwambowu pofuna kuoneka odziwa za kunja, ndipo nthawi yomweyo akapolo pafupifupi 4 miliyoni adali atangomasulidwa, opanda minda, ofunafuna ntchito ina iliyonse. Eni mahotela, malo odyera ndi makampani a njanji adapeza antchito amene akadatha kuwalipira pang'ono kwambiri, n'kusiyira alendo kuti akwaniritse zotsalazo.

Chitsanzo chodziwika koposa ndi kampani ya George Pullman, yomwe inkayendetsa mabogi ogonamo pa sitima zapamtunda. Kampaniyi inkalemba amuna achikuda kuti aziyala mabedi, kupukuta nsapato ndi kunyamula katundu wa apaulendo, ndipo apaulendo ambiri ankangowaitana onse kuti "George", dzina la bwana wawo. Mu 1915 malipiro awo adali $27.50 pa mwezi, ndipo banja linkadya chifukwa cha matipi. Chaka chimenecho komiti ya boma yofufuza za ntchito idafunsa wapampando wa kampaniyo za dongosololi. Wapampandoyo adali Robert Todd Lincoln, mwana wa Abraham Lincoln amene adalengeza kumasulidwa kwa akapolo. Antchitowa atakhazikitsa bungwe lawo la Brotherhood of Sleeping Car Porters mu 1925 motsogozedwa ndi A. Philip Randolph, chimodzi mwa zimene bungweli linkafuna poyamba chidali kuthetsa matipi kuti m'malo mwake pakhale malipiro okwanira. Iwo ankadziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Kampani idasainirana nawo pangano mu 1937; malipiro adakwera, maola adachepa, koma matipi adatsala.

Otsutsa mwambowu sadali antchito okha. Chigawo cha Washington chidaletsa matipi mwalamulo mu 1909, ndipo Mississippi, Arkansas, Iowa, South Carolina ndi Tennessee adatsatira. Mu 1916 William R. Scott adatulutsa buku lotchedwa The Itching Palm, lodzudzula mwambowu kuti ukuphunzitsa nzika kugwadira anzawo. Malamulowo sadagwire ntchito, pakuti panalibe wapolisi wolondera tebulo lililonse, ndipo pofika 1926 onse adali atafafanizidwa. Chidathandizanso kuwapha ndi chiletso cha mowa cha 1920 mpaka 1933. Mahotela ndi malo odyera atataya phindu la mowa, eni ake amene kale ankaona tipi ngati chiphuphu choti mlendo apatsidwe zochuluka adayamba kuilandira ndi manja awiri, chifukwa inkawapeputsira mtolo wa malipiro.

Kuchokera apa nkhani idalowa m'mabwalo a milandu, ndipo idayenda njira ziwiri. Njira yoyamba idali ya malipiro. Lamulo la Fair Labor Standards Act la 1938 lidakhazikitsa malipiro ochepetsetsa a masenti 25 pa ola, ngakhale kuti silidakhudze antchito ambiri a m'malo odyera ndi m'mahotela. Makampani a masiteshoni a njanji adauza onyamula katundu, omwe ankadziwika ndi zipewa zawo zofiira, kuti azinena matipi onse amene alandira kuti awerengedwe ngati gawo la masenti 25 aja. Antchitowo adasuma, ponena kuti mphatso ya wapaulendo singalowe m'malo mwa ngongole ya bwana. Mu 1942 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Williams ndi Jacksonville Terminal Company, lidagamula mokomera makampani.

Njira yachiwiri idali ya msonkho. Malamulo a ku America salipiritsa msonkho wa ndalama zopeza kwa munthu amene walandira mphatso, choncho amene angatsimikize kuti tipi ndi mphatso wapulumuka. Woyendetsa takisi wina adayesa, koma khoti la apilo mu 1949, pa mlandu wa Roberts, lidati ndalamayo imabwera chifukwa cha ntchito, ndiye iyenera msonkho. Wina wogwira ntchito pa tebulo la njuga ku Las Vegas adayesanso, ndipo poyamba adapambana: woweruza adavomera kuti otchova njuga amapereka chifukwa cha chisangalalo cha kanthawi kapena chikhulupiriro chakuti kupatsa kubweretsa mwayi. Koma mu 1976, pa mlandu wa Olk, khoti la apilo lidatembenuza chigamulocho. Lidati ndalama yobwera tsiku ndi tsiku, yogawidwa mofanana pakati pa antchito, imene iwo eni amaiyembekezera, singatchedwe mphatso. Pamenepa wantchito adaluza mbali zonse ziwiri. Kwa bwana tipi idali malipiro, choncho bwana alipire zochepa. Kwa boma idalinso malipiro, choncho wantchito akhome msonkho. Dzina lakuti mphatso lidangotsalira kasitomala, amene ali ndi ufulu wopereka kapena kumana.

Nyumba ya malamulo idalimbitsa dongosololi pang'onopang'ono. Mu 1965 matipi adayamba kuwerengedwa pa zopereka za penshoni ya boma yotchedwa Social Security, koma wodulidwa adali wantchito yekha. Mu 1966 lamulo la malipiro ochepetsetsa lidafika m'mahotela ndi m'malo odyera, komabe lidalola bwana kuwerengera matipi mpaka theka la malipirowo. Mu 1982, boma poona kuti matipi ambiri sanenedwa, lidalamula malo odyera akuluakulu kuti azipereka malipoti, ndipo lidayamba kuganizira kuti matipi sangachepere 8 pa 100 iliyonse ya zogulitsidwa. Mu 1987 olemba ntchito adauzidwa kuti nawonso azipereka gawo lawo la penshoni pa matipi onse. Eni malo odyera adadandaula, ndipo mu 1993 adapatsidwa mwayi wobwezeredwa gawo lalikulu la ndalamazo pochepetseredwa msonkho wa bizinesi. Motero amene adayamba kupepukidwa msonkho wa matipi adali olemba ntchito, zaka zoposa 30 antchito asanaganiziridwe.

Nambala imene ikulamulira nkhani yonseyi ndi $2.13. Mu 1991 malipiro ochepetsetsa adali $4.25 pa ola, ndipo theka lake ndilo lidali malipiro a wolandira matipi. Mu 1996 nyumba ya malamulo idakweza malipiro a ena onse koma idamangirira a matipi pa $2.13, ndipo ali pomwepo mpaka lero, pamene a ena adafika $7.25 mu 2009. Kusiyana kwa $5.12 pa ola lililonse kumalipidwa ndi kasitomala. Lamulo limati matipi akapanda kukwanira bwana awonjezere, koma wantchito wodalira bwana yemweyo kuti amupatse mashifiti abwino sakhala ndi pakamwa pokumbutsira. Zigawo zambiri zidakhazikitsa malipiro okwererapo, ndipo zisanu ndi ziwiri, Alaska, California, Minnesota, Montana, Nevada, Oregon ndi Washington, zimalamula kuti wantchito alandire malipiro athunthu, tipi ibwere pamwamba.

Lonjezo lochotsa msonkho lidamveka ku Las Vegas mu Juni 2024 pa msonkhano wa a Trump, ndipo mu Ogasiti a Kamala Harris adalonjeza zofanana mumzinda womwewo. Sizodabwitsa, pakuti Nevada ndi chigawo cha mahotela ndi nyumba za njuga, chimene mavoti ake amatha kupendekera mbali ina iliyonse. Bungwe la antchito a m'mahotela kumeneko, la Culinary Workers Union, lidanenetsa kuti kuchotsa msonkho kuyendere limodzi ndi kuthetsa malipiro a $2.13 m'dziko lonse. Lamulo la 2025 lidatenga mbali yoyamba yokha. Limalola wantchito kuchotsa matipi osapitirira $25,000 pa chaka pa ndalama zowerengera msonkho, kuyambira 2025 mpaka 2028. Mwayiwu umayamba kuchepa kwa wopeza zoposa $150,000, kapena $300,000 kwa banja. Umakhudza tipi yoperekedwa mwaufulu, osati ndalama imene malo odyera amailemba pa bilu mokakamiza, ndiponso ntchito zokhazo zimene zinkalandira kale matipi chisanathe chaka cha 2024. Zopereka za penshoni ndi za chipatala, zomwe ndi 7.65 pa 100 iliyonse, zikudulidwabe.

Kwa antchito phindu lilipo, koma siligawika mofanana. Amene ali pa mlingo wa msonkho wa 22 pa 100 ndipo wachotsa $25,000 yonse angasunge mpaka $5,500 pa chaka. Wa pa mlingo wa 12 pa 100 amene matipi ake ndi $10,000 angasunge $1,200. Koma munthu wosakwatira wopeza zosapitirira $15,750 mu 2025 salipira kale msonkho umenewu, choncho palibe chimene wachotseredwa. Ofufuza a Budget Lab pa yunivesite ya Yale adapeza kuti olandira matipi ndi pafupifupi 4 miliyoni, gawo la 2.5 pa antchito 100 aliwonse, ndipo oposa mmodzi mwa atatu mwa iwo ankapeza zochepa kwambiri moti sankalipira msonkhowo. Wopindula kwambiri ndi woperekera zakudya pa hotela yapamwamba, osati mayi wa pa kamalo kodyera m'mbali mwa msewu. Palinso kusiyana kwina: wogulitsa m'sitolo ndi woperekera zakudya angapeze ndalama zofanana pa chaka, koma woyambayo akhoma msonkho wochuluka chifukwa ndalama yake yonse ikutchedwa malipiro.

Kwa olemba ntchito lamuloli ndi mpumulo. Wantchito akupita kunyumba ndi ndalama zochulukirapo bwana osawonjezera ngakhale senti, popeza wolipira ndi thumba la boma. Ntchito za matipi zikukopa anthu mosavuta, ndipo mfuu yofuna kukweza $2.13 ikhoza kuzizira, chifukwa wofuna malipiro apamwamba angauzidwe kuti walandira kale. Eni malo amene adayesa kuthetsa matipi n'kumalipira bwino kuchokera pa mitengo ya zakudya tsopano ali pa mpikisano wovuta, pakuti dola ya malipiro ili ndi msonkho pamene dola ya tipi ilibe. Kubwezeredwa kwa mu 1993 kuja kudafutukulidwanso kufikira eni masaluni ndi malo ometera. Mtolo umene awonjezeredwa ndi wa mapepala, wolemba padera matipi ndi mtundu wa ntchito ya munthu aliyense.

Mayiko ena adayankha funsoli mosiyana. Germany idachotsa msonkho pa matipi a antchito mu 2002. Britain imakhometsa msonkho, koma kuyambira 2009 bwana saloledwa kuwerengera tipi pa malipiro ochepetsetsa, ndipo kuyambira Okutobala 2024 lamulo limamukakamiza kupereka matipi onse kwa antchito. Ku South Africa, kumene Amalawi ndi Azimbabwe ambiri amaperekera zakudya ku Johannesburg ndi Cape Town, lamulo la malipiro ochepetsetsa lomwe lidayamba mu Januwale 2019 pa R20 pa ola limanena poyera kuti tipi si gawo la malipiro, ngakhale madandaulo a olipidwa matipi okhaokha sadathe. Malamulo a mayiko awiri omalizawa amayamba ndi ngongole ya bwana, kenako mphatso ya mlendo.

Gawo la lamulo la ku America lochotsa msonkho pa matipi a antchito lidzatha pa 31 Disembala 2028 ngati nyumba ya malamulo silidzaliwonjezera nthawi. Lasintha zina mwa zimene makhoti adagamula mu 1949 ndi 1976, koma mfundo ya mu 1942, yakuti tipi ya mlendo ingalipire ngongole ya bwana, ili chilili. Pamaso pa wokhometsa msonkho tipi yayandikiranso kukhala mphatso, pamene m'buku la malipiro la bwana idakali malipiro. Zimene antchito a Pullman adapempha mu 1925, kuti munthu adziwe mwezi usanathe kuti alandira zingati ndiponso kwa yani, sizidalembedwebe m'lamulo la dziko lonse.