Bwana Trapnell, Amene Anafunsa Alimi ndi Mitengo

Inu a pa Kafue mudziwa bwino dambo lalikulu lija la kumadzulo kwa ulalo wa njanji, m'mene Atonga ndi Aila adyetsa ng'ombe zao madzi akaphwa. Tsidya la mtsinjewo, ku Mazabuka, kunali likulu la Boma la za ulimi, ndipo kumeneko kunafika mnyamata wa ku Mangalande, dzina lace Colin Trapnell, amene analembedwa nchito m'caka ca 1931.

Iyeyu anabadwa mu 1907. Ku sukulu yaikulu ya Oxford anaphunzira Cilatini ndi Cigriki, koma mtima wace unali pa zomera, kotero kuti mu 1928 anatsagana ndi anzace ku Greenland, dziko lozizira koopsa, kukaona zimene zimera kumeneko.

Boma linamtuma kuti ayendere Northern Rhodesia yense, ndiye Zambia wa lero, nalembe za nthaka, mitengo ndi malimidwe. Anayenda kuyambira 1932 kufikira 1943, poyamba ali ndi Neil Clothier, kambiri pansi ndi amtengatenga. Pofika pa mudzi ankakhala ndi akuluakulu nawafunsa: Mtengo uwu dzina lace nciani? Munda mumaugoneka zaka zingati? Masiku amenewo Azungu ambiri ankayesa mlimi wa kumudzi mbuli yoononga dziko. Koma Trapnell anapeza kuti mlimiyo adziwa nthaka poona mitengo ndi udzu womera pamenepo, ndi kuti malimidwe a mtundu uli wonse, ngakhale citemene ca Abemba, anali oyenerana ndi nthaka yao. Anazilemba izi m'mabuku a 1937 ndi 1943, ndi pa mapu a dziko lonse a 1947. Pa cikuto palibe maina a nkhalamba zija, cinkana nzeru zambiri za m'katimo nzao.

Inu a ku migodi, imene inadya miombo yosawerengeka ya nkhuni ndi mizati, tamvani za moto. Mu 1933 a Boma oyang'anira nkhalango anapatula malo ku Ndola: pena ankatentha mvula itangoleka, pena m'nyengo ya mwamvu udzu utauma gwa, pena osatentha konse. Trapnell anawerenga mitengoyo nalengeza zotuluka zace mu 1959. Pa malo a moto wa mwamvu miombo inafa, kunatsala udzu wautali ndi mitengo yopirira moto monga mlombwa, umene ena auca mukwa. Koma pamene anatentha msanga, nkhalango inakhala ciimire, pafupifupi ngati posatentha paja.

Atacoka kuno anakagwira nchito ku Kenya. Zolemba za maulendo ace zinasindikizidwa ku Kew mu 2001, mothandizana ndi Paul Smith, mwini wace ali nkhalamba ya zaka zoposa 90. Anamwalira mu 2004.