Zopangapanga za Ana Pakhomo ku Domwe

Ku Domwe, mwana asanayambe kugwira pensulo amakhala atadziwa kale kuumba ng'ombe yadongo, kupinda waya, kusenda phesi ndi kuphika nsima m'kachitini. Domwe ndi limodzi mwa madera awiri a boma la Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Linalo ndi Ulongué, komwe kuli likulu la bomalo. Dera la Domweli lili m'tsinde mwa phiri la Domwe, lomwe nsonga yake ipitirira mamita 2,000, ndipo n'kuno kumene Angoni a kwa Maseko anadzakhazikika cha m'ma 1870 motsogozedwa ndi Chidyaonga, malire a mu 1891 asanalekanitse abale, ena kugwera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena m'manja mwa Apwitikizi. Ndi dziko lokwera, lozizira kwambiri mu Juni ndi Julaye, dziko la chimanga, nyemba, mbatatesi, fodya ndi ng'ombe. Zimene mwana amapanga zimatsata zimene munda, khola ndi dambo zamusiyira, ndipo zimasintha ndi nyengo: dongo limachuluka m'dzinja, mapesi ndi zitsononkho anthu akakolola. Zopangapangazi ndiwo maphunziro oyamba a mwana wa kuno, ndipo kuti zimupindulire mokwanira sipafunika chidole cha kusitolo. Pamafunika munthu wamkulu wocheza naye pamene manja ake ali pa ntchito.

Tiyambe ndi dongo, chifukwa ndilo lakale pa zonse. Anyamata obusa akafika padambo ng'ombe zikudya, amatapa dongo m'mbali mwa mtsinje kapena pachulu n'kuyamba kuumba. Ng'ombe yoyamba ya mwana wa zaka zinayi imakhala chibumwa chabe chokhala ndi timiyendo, ndipo ikangoimikidwa imagwada. Pofika zaka zisanu ndi ziwiri, mwana yemweyo amakhala ataphunzira zinthu zingapo zimene palibe anamuuza m'kalasi: kuti miyendo ikhale yaifupi ndi yonenepa, kuti linunda likakula kwambiri ng'ombe imagwera kutsogolo, kuti nyanga zimathyoka pokhapokha muli kamtengo kapena munga m'kati. Amadziwanso kuti ng'ombe youmikidwa padzuwa lamasana imang'aluka, pamene ya pamthunzi imauma bwino, ndi kuti dongo lomata kwambiri limafuna kamchenga. Akaiika pamoto isanaumitsitse imaphulika, chifukwa madzi otsalira m'kati amasanduka nthunzi n'kusowa potulukira. Ikauma bwino imatuluka pamakala itafiira ndiponso italimba, yosasungunukanso ndi mvula. Izi n'zomwezo zimene amayi oumba mbiya amadziwa pa mtapo wawo, ndi zimene owotcha njerwa amasamala pa uvuni. Mwana wazipeza poyesa, kulephera, kusintha kanthu kamodzi ndi kuyesanso, ndipo asayansi nawo sachita china choposa pamenepa, kungoti iwo amalemba.

Galimoto ya mawaya ndi luso la ana okulirapo, ndipo ndiyo imaonetsa bwino kuchuluka kwa nzeru zobisika m'masewera. Wopanga amayamba ndi kuwongola waya pamwala, kenako amapinda chimango cha pansi, chomwe chiyenera kukhala chofanana mbali zonse, apo ayi galimoto imayenda chopendekera. Mateyala amawadula ku patapata wakutha kapena amagwiritsa zitsekerero za mabotolo ndi tizitini, mfundo zonse amamanga ndi timizere ta mphira wa chubu cha njinga. Povuta ndi kutsogolo: ekiselo ya kumbuyo imangozungulira, koma ya kutsogolo iyenera kuzungulira ndi kukhota nthawi imodzi, molamulidwa ndi chiwongolero chachitali chimene mwana amagwira ataimirira. Mwana amene wathetsa vuto limeneli wamvetsa ndi zala zake chinthu chimene buku la sekondale limalongosola ndi zithunzi. Amazindikiranso kuti teyala lalikulu limadutsa bwino pamiyala ya m'njira za kumapiri, ndi kuti bowo likapanda kukhala pakati penipeni galimoto imadumphadumpha. Ana amakopera zimene amaona pamsewu, n'chifukwa chake kuno mumapeza malole onyamula matumba a mbatatesi, ngolo ndi njinga zamoto. Lusoli linatchuka mpaka kunja: buku la ana la Karen Lynn Williams lotchedwa Galimoto, lomwe linatuluka mu 1990, limasimba za mnyamata wa ku Malawi wofunafuna mawaya. Ang'onoang'ono amene waya sangauthe amayambira pa phesi. Amasenda khungu lake lolimba kukhala timizere, n'kumatibaya mu mtima wofewa wa phesilo kuti apange magalasi a m'maso, timipando kapena kangolo. Chitsononkho chikakulungidwa m'kansalu chimasanduka mwana wobereka kumbuyo.

Ndiye pali masanje, amene amachitika makamaka anthu akakolola. Ana amamanga timisasa ta mapesi ndi udzu kuseri kwa mudzi, amagawana kuti uyu ndi bambo, uyu mayi, uyu mwana, wina fisi, n'kuphika chimanga ndi nyemba zimene akunkha m'munda. Pano mwana amaphunzira kusonkha moto, kuika mafuwa atatu kuti kamphika kakhazikike, kuyeza ufa ndi madzi, ndi kugawa chakudya chochepa kwa anthu ambiri popanda ndewu. Khitchini ya amayi nayo ili ndi zoyesa zimene mwana angaone ndi maso tsiku lililonse. Chimera cha thobwa n'chitsanzo: chimanga kapena mawere zimavikidwa, zimafunditsidwa, zimamera patapita masiku, mochedwerapo ikakhala nyengo yozizira, ndipo ufa wake ukathiridwa m'phala lolimba, phalalo limasungunuka n'kuyamba kutsekemera, chifukwa mbewu yomera ili ndi mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga. Chidulo n'chitsanzo china: phulusa la zitsononkho kapena la makoko a nyemba limaikidwa m'chitini choboola, pamwamba n'kuthira madzi, ndipo madzi odontha pansi amafewetsa therere ndi masamba. Odontha koyamba amakhala aukali, otsiriza osukuluka. Mwana amene wafunsidwa kuti, "Mwanawe, phulusa latsala m'chitini, nanga chalowa m'madzimu n'chiyani?" wayamba kuganiza za kusungunuka ndi kusefa. Mwana amene wangouzidwa kuti achoke pamoto waona zomwezo koma sanatolepo kanthu.

Za kuwerengera sizifuna mawu ambiri. Phada amafuna kuti mtsikana aponye mwala m'mwamba, atulutse miyala m'kabowo, n'kubwezamo yonse kusiya umodzi, kenako iwiri, osaphonya wa m'mwamba uja. Bawo ndi kuwerenga mabowo pasadakhale, usanasunthe njere. Zonsezi ndi masamu a pamtima.

Kodi pali umboni woti zinthu zotere zimasintha moyo wa mwana? Ulipo, ngakhale sunachokere ku Domwe. Mu 1986 ndi 1987, ofufuza motsogozedwa ndi Sally Grantham-McGregor anayamba kutsatira ana opinimbira a miyezi 9 mpaka 24 m'madera osauka a mzinda wa Kingston ku Jamaica. Mabanja ena ankayenderedwa ndi alangizi a zaumoyo kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri. Alangiziwo ankabweretsa zidole zopangira pakhomo, n'kumaonetsa mayi mmene angasewerere ndi kulankhula ndi mwana wake. Patapita zaka pafupifupi 20, zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2014 m'magazini ya Science zinaonetsa kuti ana aja atakula ankapeza ndalama zoposa za anzawo ndi pafupifupi 25 peresenti, pamene amene anangolandira chakudya chowonjezera phindu lawo silinakhalitse. Zidolezo zinali za zinthu zotayidwa. Chatsopano chinali kucheza kwa mayi ndi mwana. M'dziko la Mozambique momwemo, bungwe la Save the Children linatsegula sukulu za mkombaphala za m'midzi, zimene pa Chipwitikizi amati escolinhas, m'chigawo cha Gaza mu 2008, zogwiritsa ntchito zipangizo zopezeka pamudzi. Lipoti la World Bank la mu 2012 linapeza kuti ana opita kumeneko ankalowa pulayimale mochuluka kuposa anzawo, ndipo anali patsogolo pa kuganiza ndi pa luso la zala, koma pa chilankhulo kusintha kunali kochepa. Zipangizo zimanola manja ndi maganizo, mawu amabwera ndi munthu wolankhula ndi mwanayo nthawi yaitali, ndipo munthu wotereyu amapezeka pakhomo.

Wina atsutsa kuti ng'ombe yadongo siphunzitsa zilembo, ndipo mayeso a boma amalembedwa m'Chipwitikizi, chinenero chimene ana ambiri a ku Domwe amakumana nacho koyamba ali ndi zaka 6 polowa kalasi yoyamba. N'zoona, ndipo palibe angamuuze kholo kuti masanje alowa m'malo mwa sukulu. Koma mwana amavutika pawiri ngati akumva liwu lachilendo la chinthu chimene ngakhale m'chinenero chake sanachiganizepo. Amene anakambapo ndi agogo ake za cholemera ndi chopepuka, chachitali ndi chachifupi, theka ndi chathunthu, amangofunika dzina latsopano la chinthu chimene akuchidziwa kale. Boma la Mozambique linavomereza mfundo imeneyi pamene linayesa kuphunzitsa m'zinenero ziwiri kuyambira 1993 mpaka 1997, Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, n'kuyamba kufalitsa njirayi mu 2003. Ngati sukulu yaona kuti chinenero cha pakhomo ndi poyambira pabwino, kholo lisaope kuti kufunsa mwana mafunso m'Chichewa kumubwezera m'mbuyo. Ndiponso chala chimene chaumba nyanga ya ng'ombe sichivutika kuzungulitsa chilembo, ndipo pansi pa bwalo ndi sileti yokwana.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera kuposa choyambacho. Kudera la ulimi ngati lino, mawu akuti mwana akuphunzira ndi manja angakhale chophimbira ntchito yeniyeni: kusoka fodya, kubusa tsiku lonse anzake ali kusukulu, kusenza matumba a mbatatesi. Kusiyana kwake kulipo ndipo n'kosavuta kukuona. Pa zopangapanga, mwana ndiye mwini chinthucho, akhoza kuchiphwanya, kuchisiya kapena kuyambanso, ndipo akalakwitsa palibe chimene banja lataya. Pa ntchito, kulakwitsa kuli ndi mtengo wake, choncho mwana amangobwereza zimene wauzidwa. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, lomwe Mozambique inavomereza mu 1994, limatchula kusewera ngati ufulu mu gawo 31, ndipo gawo lotsatira limaletsa ntchito yosokoneza maphunziro ndi thanzi. Fodya wamuwisi payekha ndi woopsa kwa mwana, chifukwa chikonga chake chimalowa pakhungu, makamaka masamba akanyowa. Kuthandiza makolo pang'ono n'chizolowezi chabwino cha pamudzi, koma mwana amene sapeza ngakhale madzulo amodzi oti apange chake walandidwa kanthu.

Ngozi nazo zilipo, ndipo si zonse zimene zinalipo kale. Mpeni, waya ndi moto n'zakale, ndipo ana aakulu amadziwa kuyang'anira ang'ono. Zatsopano ndi mabotolo a mankhwala a mbewu ndi a fodya, amene mwana amawatola kuti akhale thanki ya galimoto kapena chotungira madzi a masanje. Palinso mabatire akutha, amene ana amawaswa, ndi majumbo apulasitiki, amene amakulungidwa kukhala mpira koma akawotchedwa amatulutsa utsi woipa. Botolo la mankhwala silitsukika mokwanira kuti likhale chidole. Chidulo chikalowa m'maso chimawawa, ndipo mwana wosakwana zaka zitatu amameza njere ndi zitsekerero kapena kuzilowetsa m'mphuno. Zonsezi sizikutanthauza kuti masewera aletsedwe. Zikungowonjezera chifukwa choti wamkulu akhale pafupi.

Chimene chimadandaulitsa kwenikweni ndi kugawa luso potengera kuti uyu ndi mnyamata, uyu mtsikana. Waya ndi dongo la kubusa zimagwera anyamata, pamene mtsikana amapatsidwa chitsononkho ndi mphika, ndipo kawirikawiri amakhala atabereka mng'ono wake weniweni kumbuyo. Motero mnyamata amakula osadziwa kuyeza ufa, mtsikana osagwirapo ekiselo, ngakhale palibe chifukwa cha m'thupi choletsa aliyense. Anthu amakonda kutchula William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, amene ali mnyamata wosiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi anamanga makina amphepo opanga magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo ake. Munthu mmodzi si umboni wa ana onse, koma nkhani yake ili ndi mbali ziwiri zoyenera kuziona pamodzi: anali atazolowera kumasula mawailesi ndi kupanga zinthu ndi manja, komanso anapeza mabuku a sayansi m'kanyumba ka mabuku ka pasukulu ya pulayimale. Ku Domwe mbali yoyambayo ilipo pafupifupi pakhomo lililonse. Yachiwiriyo, ya mabuku a ana a m'Chinyanja amene mwana angapite nawo kunyumba, ndi udindo wa sukulu, mipingo ndi boma la Angónia, pamodzi ndi kuonetsetsa kuti mtsikana nayenso wapatsidwa waya ndi nthawi yoti aupinde.