Malamulo a Masiku a Zisankho m'Zigawo za United States

Ku United States, lamulo la dziko lonse limangoika tsiku la chisankho cha pulezidenti ndi aphungu a Congress: Lachiwiri lotsatira Lolemba loyamba la November. La pulezidenti linakhazikitsidwa mu 1845. Zisankho zina, monga zachipulula, za abwanamkubwa ndi za makhonsolo, chigawo chilichonse chimadziikira chokha tsiku.

N'chifukwa chake kalendala yake ndi yosakanizika. Virginia ndi New Jersey amasankha bwanamkubwa chaka chotsatira chisankho cha pulezidenti. Louisiana imachititsa zisankho zake zambiri Loweruka.

New Hampshire ndiyo yansanje pa nkhani yokhala yoyamba. Lamulo lake limati chipulula cha pulezidenti chichitike masiku osachepera 7 chigawo china chisanachititse chofanana nacho, ndipo mlembi wamkulu wa chigawocho amasuntha tsikulo chigawo china chikafuna kuchipitirira.

Mkangano waukulu uli pa zisankho za m'mizinda, poti zikachitika pazokha ovota amabwera ochepa. Mu 2015 California inalamula kuti komwe ovota amachepa kwambiri, zisankhozi ziphatikizidwe ndi za chigawo chonse.