Mbiri ya Gulu la Metallica

M'chaka cha 1981, mumzinda wa Los Angeles, mnyamata wina wobadwira ku Denmark, dzina lake Lars Ulrich, woimba ng'oma, analengeza m'nyuzipepala kuti akufuna anzake oimba nawo. Ndipo James Hetfield atavomera kuitanako, panabadwa gulu la Metallica, limene nyimbo zake zaliwiro ndi zaukali anthu anadzazitcha thrash metal.

Pakuti mutu umodzi susenza denga, anyamatawo anakhumba Cliff Burton, katswiri wa gitala wa besi amene ankakhwatcha nsambo ndi zala zokha, ndipo iye atakana kuchoka kwawo, iwo ndiwo anasamuka namtsata kudera la San Francisco. Mu 1983 anachotsa woimba gitala wawo Dave Mustaine chifukwa cha uchidakwa ndi ndewu, namkweza basi ku New York kuti abwerere kwawo, iye nakayambitsa gulu la Megadeth. Malo ake anatenga Kirk Hammett.

Koma tsoka silinunkha. Chaka chomwecho chimene chimbale cha Master of Puppets chinawakweza pamaso pa mitundu, m'bandakucha wa pa 27 September 1986, basi yawo inagubuduzika pamsewu ku Sweden, Burton naponyedwa pazenera, basiyo nimugwera. Anafa ali ndi zaka 24 zokha. Otsalawo anapukuta misozi, nalandira Jason Newsted m'malo mwake, ngakhale kuti, kunena zoona, sanamulandire ndi manja awiri.

Chimbale chawo cha chikuto chakuda cha 1991 chinawabweretsera chuma chosaneneka, koma owatsata akale anang'ung'udza kuti ukali wazilala; ndipo pamene gululi linasumira kampani ya Napster mu 2000 pa mlandu wa kugawana nyimbo mwaulere pa intaneti, kung'ung'udzako kunakula koposa.