Kusudzula mtchona ku khoti la ku England

Mawu oti mtchona tidawadziwa nthawi ya Wenela ndi Theba, pamene amuna ankapita ku migodi ya ku Joni n'kuiwala njira yobwerera, mkazi n'kutsala pakhomo ali wokwatiwa pa dzina lokha. Lero wotsalayo akhoza kukhala ku Manchester, Leeds kapena Bradford, akugwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba, mwamuna wake atasowera ku Johannesburg zaka khumi zapitazo, nambala ya foni nayo idazima kalekale. Kumudzi ankhoswe akadakhala pansi pamaso pa amfumu, akuchimuna n'kupereka chisudzulo, mayiyo n'kumasuka. Ku England ukwati umene udamangidwa mwalamulo ku Malawi amauwerengera kuti ulipobe, ndipo woumasula ndi khoti.

Ambiri amaganiza kuti chovuta n'kufotokoza chifukwa chothetsera banja. Zimenezo zidali kale. Lamulo lakale linkafuna kuti wosiyidwa asonyeze desertion, kutanthauza kuthawidwa kwa zaka ziwiri, apo ayi adikire zaka zisanu za kulekana ngati winayo sakuvomera. Mlandu wa Tini Owens, amene khoti lalikulu la dzikolo lidamukaniza chisudzulo mu 2018, udathandiza kuti zisinthe. Kuyambira pa 6 April 2022, ngati ukwati wakwanitsa chaka chimodzi, munthu amangolemba kuti banja lasweka moti silingakonzedwenso, ndipo khoti limalandira mawuwo popanda kufuna umboni wa cholakwa.

Pamene pagona nkhani ndi pa liwu lakuti service. Pano silikunena za ntchito kapena mapemphero. Likunena za kufikitsa mapepala a mlandu kwa mwini wake, kuti asadzamve m'mphekesera kuti adasudzulidwa. Ine mfundoyi ndimailemekeza, chifukwa ndi yomwe ankhoswe athu amatsata: mlandu wa banja saweruza mbali imodzi isanaitanidwe. Koma umuitana bwanji munthu amene ngakhale mayi ake omubala sadziwa kumene amagona?

Apa lamulo lili ndi makomo atatu, ndipo anthu amawasokoneza. Alternative service ndi pamene woweruza walola kuti mapepala apite m'njira ina, monga pa uthenga wa pafoni, pa Facebook, kapena kudzera mwa mbale amene amalankhula naye. Deemed service ndi ya munthu amene mapepala adamufikira koma wangoti zii. Ngati adayankha pa WhatsApp ndi mawu aukali, kapena adaimbira mlongo wake kudandaula za kalatayo, umenewo ndi umboni, ndipo woweruza akhoza kugamula kuti wadziwitsidwa. Khomo lachitatu, dispensing with service, ndilo la mtchona weniweni: khoti limalola mlandu kupitirira popanda kumudziwitsa n'komwe. Salitsegula mwachisawawa. Fomu yake, D13B, imafunsa mudamuona liti komaliza, ankakhala kuti, mudafunsa abale ndi anzake ati, ankagwira ntchito kwa yani, ndipo onsewo adayankha zotani.

Taganizani mayi atakhala patebulo la kukhitchini m'mawa, yunifolomu akadali nayo pathupi, akuimbira nkhoswe ku Dedza. Mkuluyo akuti, "Mayi, ife tidafunsa kwa onse a ku Joni, palibe wamuonapo." Kwathu mawu amenewo ndi okwanira. Kukhoti afunika alembedwe, tsiku lake lioneke, dzina la wofunsidwa likhalepo. Tsono amene ali m'vutoli asafufute mauthenga, asataye kalata yobwezedwa ndi a positi, ndipo apemphe ankhoswe kuti zimene akudziwa azilembe papepala n'kusaina. Ngati wosowayo akuganiziridwa kuti ali mu Britain momwemo, khoti likhozanso kufunsa adiresi yake ku nthambi za boma.

Zikatero pamatsala zigamulo ziwiri. Conditional order, imene kale inkatchedwa decree nisi, imapemphedwa pakatha milungu 20 chiyambire mlandu. Final order, kale decree absolute, imabwera patapitanso milungu isanu ndi umodzi. Yoyambayo imangonena kuti palibe choletsa. Ukwati umatha ndi yachiwiriyo basi. Nkhani ya nyumba, ndalama ndi penshoni imakhala ndi chigamulo chakechake, ndipo ndi bwino kuiyamba munthu asanakwatiwenso.

Pali mphekesera ina imene imandidetsa nkhawa, yakuti munthu akasowa zaka zisanu ndi ziwiri ukwati umatha wokha. Sutha. Lamulo la mu 1861 loletsa mitala limangoteteza wokwatiwanso kuti asamangidwe ngati mnzake adasowa zaka zimenezo ndipo sankadziwa kuti ali moyo. Koma mtchona akatulukira, ukwati wachiwiriwo umakhala wopanda mphamvu pamaso pa lamulo.

Zaka zisanu ndi ziwirizo zimagwira ntchito pa njira ina, ya presumption of death, pansi pa lamulo la mu 2013. High Court imalengeza kuti wosowayo akuganiziridwa kuti adamwalira, ndipo ukwati umathera pomwepo, ngakhale atadzabwera. Palinso lamulo la mu 2017 lolola mbale kusamalira katundu wa munthu wosowa, lotchedwa Claudia's Law pokumbukira Claudia Lawrence wa ku York amene adasowa mu 2009, koma limeneli silikhudza ukwati. Kwa ife njira yolengeza imfa ndi yolemera kwambiri. Maliro opanda mtembo, opanda manda, apongozi akadali kuyang'ana kumsewu basi ikaima, si chinthu choti mkamwana achichite yekha ali kutali. Mayi amene akungofuna kumasuka angathe kudutsa pa chisudzulo, mwamunayo n'kukhalabe wamoyo m'mabuku a boma ndi m'mitima ya abale ake.